Mnyamata Amene Sukulu Yathu Inamuchiritsa

Sukulu yathu ya pulayimale inali chakufupi ndi Lungwena, pakati pa msewu wa ku Makanjira ndi mapiri. Inalibe madesiki, inalibe zitseko, ndipo makalasi ena analibe ngakhale makoma. Koma inali ndi bwalo la mpira lalikulu kuposa la sukulu ina iliyonse m'dera lonselo. Ahedi ankalitchula pa msonkhano uliwonse wa makolo ngati kuti analilenga okha. Ankati mwana wophunzira pa sukulu ya bwalo lotere sangalephere m'moyo. Ambiri a ife tinalephera ndithu, koma tinalephera titapuma mpweya wabwino.

Bwalolo linali pakati pa msewu ndi makalasi. Munthu aliyense wofulumira ankangodutsa pakati pa udzu. Njira yeniyeni, yopondedwa mpaka kuyera, inkazungulira m'mphepete, kudzera pamjigo ndi kuseri kwa nyumba za aphunzitsi. Imeneyo inkayendedwa ndi amayi okatunga madzi ndi mbuzi zaulemu.

Ndili Sitandade 5, m'kalasi mwathu munabwera ana awiri othawa nkhondo ya ku Mozambiki, mnyamata ndi mlongo wake. Othawa nkhondo anali atadzaza kale m'midzi mwathu. Ankalankhula Chiyao chathu chomwechi, ankaswali mumzikiti womwewo, ndipo ena anali abale athu enieni amene malire anangowasiya mbali inayo. Komabe tinkawatcha marefuji, makamaka tsiku limene iwo ankakalandira nandolo ndi mafuta ophikira ife tikuwayang'ana. Mnyamatayo anali wamtali, wamkulu kwa ife tonse. Mtsikanayo anali wamng'ono, woyenera kalasi ya m'munsi, koma mayi awo anakana kuti awasiyanitse. Ahedi, amene anali ndi nkhani zikuluzikulu monga za bwalo, anangovomera n'cholinga choti mayiyo achoke msanga pakhomo la ofesi.

Chimene tinaona tsiku loyamba lomwe ndi mayendedwe awo. Mnyamatayo ankayenda pakati penipeni pa njira, pamene dothi lalimba ndi mapazi a anthu, maso ali pansi. Mlongo wake ankabwera pambuyo pake, pafupi kwambiri, n'kumaponda pamene mchimwene wake waponda. Miyendo yake inali yaifupi, choncho ankachita kudumpha pang'ono kuti phazi lake ligwere m'phazi la mnzake. Wamkulu akaima, wamng'ono ankaima. Pabwalo sankadutsapo. Belu likalira iwo ali kumsewu, ankazungulirabe njira yaitali ija, n'kufika mochedwa, n'kulandira zikoti zawo mosadandaula. Mpira ukagwera mutsekera, mnyamatayo ankangouloza ndi chala. Tsiku lotchetcha ankaima m'mphepete mwa njira, chikwakwa chili m'manja, ngati munthu amene wapatsidwa mwana wa eni kuti amugwirire.

Ife tinali ana olandira bwino alendo. Tinkandanda pambuyo pawo mzere wautali, tikukweza mapazi pang'onopang'ono, tikukuwa.

"Nanzikambe! Wataya chiyani pansipo? Singano?"

"Ndikuyenda," iye ankatero, osatukula mutu.

Mlongo wake ndiye anali ndi pakamwa. "Inu mumayenda ngati nkhuku," ankatiuza. "Paliponse pwa, pwa, pwa. Kwathu bwenzi mutatha kalekale."

Tinkaseka kwambiri. Mwana wopanda ngakhale yunifolomu kutiuza ife za kayendedwe.

M'kalasi tinkakhala pa njerwa, aliyense yake, ndipo yanga inali pafupi ndi yawo. Tsiku lina pa nthawi yopuma, tikugawana chinangwa chophika, ndinamufunsa mnyamatayo chimene ankafuna pansi. Anandiuza mosavuta, ngati akunena za nyengo. Kwawo asilikali ankakwirira mabomba m'minda, m'mbali mwa njira ndi pansi pa mitengo ya mango. Ena anali aang'ono ngati chitini cha polishi. Pothawa anayenda mumzere umodzi pambuyo pa bambo wina wodziwa njira. Mayi wina anapatuka pang'ono kuti akadzithandize, ndipo mzere unapitirira wopanda iye. Kuyambira pamenepo mayi awo anaika lamulo: ponda pamene anthu aponda kale, wamkulu patsogolo, wamng'ono aponde pamene waponda wamkulu.

"Nanga kuno?" ndinafunsa. "Kuno kulibe zimenezo."

"Ndikudziwa," iye anatero. "Koma amayi akuti ndikazolowera za kuno, tikadzabwerera ndidzaiwala."

Ndinaona kuti ndi maganizo a anthu osapita kusukulu. Ine ndinali wa Sitandade 5.

Kenako nkhondo inatha. Tinamva pa wailesi kuti akuluakulu awo asainirana kutali kwina kwake. Amayi analuluta, amuna anapereka dua mumzikiti, ndipo palibe amene ananyamuka. Anakhalabe nafe nthawi yaitali ndithu, akudikira kuti wina apite kaye akaone ngati mtenderewo unafikanso kumidzi kapena unatsalira m'wailesi momwemo.

Pa nthawi imeneyo n'kuti kusukulu kwathu kutabwera aphunzitsi atsopano a zamasewero, mnyamata wa ku Ntcheu wongotuluka kumene kukoleji. Anali ndi wezulo ya chingwe chofiira ndi nsapato zoyera zimene ankazipaka choko m'mawa uliwonse. Kwathu sankakukonda. Kunkatentha, nsomba zinkanunkha, ndipo azana ya kumzikiti ya m'bandakucha inkawadzutsa asanafune. Sanali munthu woipa. Ankangokhulupirira kuti palibe vuto la mwana limene silingathe ndi kuthamanga. Chinkawawawa n'chakuti pa mpikisano wa sukulu za m'dera lathu, ife a bwalo lalikulu tinkakhala omaliza chaka ndi chaka, kumbuyo kwa sukulu zimene ana ake ankathamangira m'munda wa chinangwa.

M'mawa wina belu linalira tonse tili kumsewu. Ife tinadula pakati pa bwalo mwa nthawi zonse. Mnyamata uja, mwina atatopa ndi zikoti, anathamanga njira yake yozungulira. Anadutsa pamjigo, kuseri kwa nyumba za aphunzitsi, n'kufika pamzere ife tisanafike. Mlongo wake anafika pambuyo akulira chifukwa mapazi anali atamutayika.

Aphunzitsi aja anaona zonse. Wezulo inagwa pakamwa.

"Iwe! Wamtali iwe! Tabwera kuno. Miyendo imeneyi umabisa chifukwa chiyani?"

"Sindibisa, sala."

"Thamanga kuchokera pagolo ili kukafika pagolo ilo."

"Pa udzu, sala?"

"Ayi, pamadzi. Pa udzu, nanga pati?"

Mnyamatayo anayang'ana pansi. Sanasunthe.

Chithandizo chinayamba tsiku lomwelo, ndipo ndiyenera kunena kuti sindinaonepo mphunzitsi wina pasukulupo akulimbikira ntchito ngati mmene analimbikirira ameneyu. Masamu tinkaphunzira aphunzitsi akakumbukira. Izi zinali za tsiku ndi tsiku. Aphunzitsiwo ankalowa okha pakati pa bwalo, n'kumadumpha ndi mapazi onse awiri.

"Waona? Ndaphulika? Ana inu, ndaphulika?"

"Ayi, sala!"

"Kuno ndi ku Malawi. Pansi pano pali chiswe, mapale ndi ndowe za mbuzi. Nenani nonse!"

"Chiswe, mapale ndi ndowe za mbuzi!"

Kenako ankatigubitsa tonse pabwalopo uku ndi uko mpaka udzu utagona, kuti wodwalayo aone kuti pamene akuponda pali popondedwa kale. Mnyamatayo atavomera zimenezo, aphunzitsi anayamba kumutengera pamene sitinagube. Akakana ankagwada padzuwa. Akayesa ankalonjezedwa jezi, imene sukulu yathu inalibe. Poyamba ankaponda udzu ngati akuponda makala, thukuta lili kamukamu, milomo ikuyenda ndi mapemphero. Teremu isanathe anadutsa bwalo lonse chopingasa, ali pa liwiro, ndipo atafika mbali inayo anadzigwetsa pansi n'kuyamba kuseka. Ndinali ndisanamumvepo akuseka mokweza. Izi sindingabise: anasangalala. Anayamba kuthamangitsa mbuzi m'tchire, kulowa m'minda ya eni kukagenda mango, kudumpha mipanda. Anasanduka mwana ngati ife, nkhuku yeniyeni.

Mlongo wake palibe amene anamuchiritsa. Analibe liwiro, choncho mantha ake sankasokoneza sukulu. Iye anapitiriza zimene anauzidwa. Kumene mchimwene wake wadutsa, kaya ndi m'njira kaya ndi mutsekera, iye ankatsatira, maso ali pansi, akufunafuna phazi loti apondemo.

Nkhani itafika kunyumba, mayi awo anabwera. Tinawaona akuzungulira njira yaitali ija, atafunda mpango, akuyenda pakati penipeni. Anali mayi wowonda, wosalankhulalankhula. Amuna awo anatengedwa ndi asilikali kukanyamula katundu ndipo sanabwerere. Anagwada pakhonde la kalasi yathu, ndipo popeza mawindo athu anali mabowo chabe, tinamva zonse.

"Aphunzitsi, ndabwera kudzapempha. Mwana wangayu musamuchotse mantha."

"Mayi, mantha ndi matenda."

"Eya. Ndinamupatsa ndine. Ndinavutika kuti amugwire."

Aphunzitsi anaseka pang'ono, mwaulemu. "Nkhondo inatha, mayi. Simunamve pa wailesi? Anasainirana."

"Anasainirana anthu. Nanga zapansizo zinamvera nawo wailesiyo?"

"Zimenezo boma lanu lichotsa. Kuli akatswiri."

"Amene anakwirira aja ena anafa. Otsalawo sakumbukira pamene anaika. Katswiriyo akafunsa ndani?"

"Ndiye mukufuna mwana akhale nanzikambe moyo wake wonse? Mayi, ndi miyendo imeneyi ameneyu akhoza kukafika ku Blantyre!"

"Ku Blantyre sindikudziwako, aphunzitsi. Ine ndikungofuna azikafika nayo kumunda, n'kubwera nayo yonse iwiri."

Apa ahedi anatulukira. Anathokoza mayiwo chifukwa chokhala ndi chidwi pa maphunziro a ana. Anati makolo otere ndi osowa masiku ano. Anawafotokozera kukula kwa bwalo. Kenako anawaperekeza mpaka pamjigo, n'kubwerera akupukusa mutu. "Anthu awa," anauza aphunzitsi aja, "thupi lili kuno, mutu udakali kutchire."

Kuyambira pamenepo mnzathu uja ankakwapulidwa m'mawa chifukwa choopa udzu, madzulo chifukwa chosauopa. Mbali zonse ziwiri zinali ndi ndodo zabwino. Koma sukulu inali ndi wezulo, anzake omuchemerera ndi jezi yolonjezedwa. Mayi ake anali ndi nkhani zakale zimene iye ankafuna kuiwala. Sizinali zovuta kudziwa amene apambane.

Mpikisano unachitikira pa sukulu ina ya kufupi ndi kuboma. Tinapita pa lole ya bambo wina wogula usipa, ndipo tinafika tikununkha ngati thandala loyanikapo nsomba. Ana a m'tauni anatseka mphuno. Ena a iwo anali ndi nsapato. Mnzathu anaima pamzere wopanda nsapato, wopanda jezi, kabudula womangidwa ndi luzi. Wezulo italira sindinaone bwino chimene chinachitika. Ndinangoona kuti iye wafika, akutembenuka kuyang'ana anzake ngati akudabwa kuti atsalira kuti. Anapambananso ulendo wachiwiri. Anamupatsa makope ndi mbale ya pulasitiki yobiriwira. Tinamunyamula m'mwamba. Aphunzitsi a zamasewero analira misozi yeniyeni, nsapato zawo zoyera zitafiira ndi fumbi.

Lolemba lake ahedi anamuimika patsogolo pa sukulu yonse. "Mwana uyu," anatero, "tinamulandira akuopa udzu. Udzu! Lero taonani. Izi ndiye ntchito za maphunziro." Tinaomba m'manja. Mlongo wake anaima kumbuyo kwake atanyamula mbale ija.

Malole owabweza kwawo anabwera chilimwe chotsatira. Tsiku lonyamuka lisanafike, anthu onse obwerera anawasonkhanitsa pansi pa mtengo wa mlambe pafupi ndi msika, ndipo ife tinapita kukaonerera. Kunabwera bambo wina pa galimoto yoyera, wovala chipewa ndi malaya a matumba ambiri, atanyamula zithunzi za mabomba okwirira. Anaphunzitsa mosamala kwambiri. Musapatuke m'njira. Pondani pamene anthu aponda kale. Musalowe m'munda umene sunalimidwe. Ana asathamange m'tchire. Ahedi anali pampando wakutsogolo akugwedeza mutu kuvomereza mfundo iliyonse. Nzeru zomwe zija, zikachokera m'galimoto yoyera, zinkamveka bwino. Mayi aja anakhala kumbuyo, osayang'ana zithunzizo. Ankayang'ana mwana wawo, amene ankagenda malambe ndi anzake.

Tinawaimbira nyimbo yotsanzikana imene tinaiyeserera masabata angapo m'malo mwa sayansi. Mnzathu anadumphira m'lole ngati mbuzi. Anakoka mlongo wake, n'kundikuwira kuti ndimusungire njerwa yake, adzabwera pa mpikisano wa chaka chamawa. Aphunzitsi a zamasewero anathamangira loleyo pang'ono. "Usasiye kuthamanga, iwe! Miyendo imaiwala!"

Mvula inagwa, udzu wa pabwalo unakula mpaka m'mawondo, ndipo ife tinalowa kalasi ina. Njerwa yake ndinaisunga masiku angapo, kenako wina anaitenga kukaikira mphika.

Chakumapeto kwa dzinja, m'mawa wina tikulemba zimene zinali pabolodi, tinaona mayi akuchokera kumsewu. Sanakhote kulowera kumjigo. Analowa mu udzu, pakati penipeni pa bwalo, akuyenda mowongoka, osayang'ana pansi ngakhale kamodzi. N'chifukwa chake sitinawazindikire mpaka atafika pakhonde. Nthawi ino sanagwade. M'manja anali ndi mbale yobiriwira.

Aphunzitsi a zamasewero ndi amene ankatiphunzitsa nthawi imeneyo. Anatuluka akumwetulira.

"Mayi! Mwabwera! Nanga katswiri wathu ali kuti?"

"Ndabweretsa mbale yanu."

"Imeneyo ndi yake, mayi. Anapambana yekha."

"Kulibe wodyeramo."

Ananena zonse ataimirira, ndi mawu omwe aja opemphera, osakweza. Mudzi anaupeza, chitsime anachipeza. Njira ya kuchitsime inkazungulira munda wawo wakale, umene unali usanalimidwe chichokereni. Miyezi yonseyo anyamata a m'mudzimo ankazungulira, mnzathu uja nayenso ankazungulira, chifukwa mayi ake ankamuyang'ana. Tsiku limenelo ana awiriwo anapita kukatunga madzi, ndipo pobwerera mvula yamphamvu inayamba. Nyumba inkaoneka patsidya pa mundawo, pafupi kwambiri. Mnyamatayo anadula pakati.

"Nanga... nanga mtsikana uja?" aphunzitsi anafunsa.

"Mtsikana anamvera ine," mayiwo anatero. "Anali pambuyo pake. Pafupi, monga ndinamuphunzitsira."

Kalasi ya pansi pa mtengo inkapitiriza kuloweza mathebulo.

"Wanu anamvera inu, wanga anamvera ine," mayiwo anapitiriza. "Tonse tinaphunzitsa bwino, aphunzitsi."

Anaika mbaleyo pakhonde, n'kutembenuka. Anabwerera momwe anadzera, pakati pa udzu, ndipo tinawayang'ana mpaka anafika kumsewu. Pambuyo pake ndinamva kuti anakhazikika kwa abale awo chakumapiri, mbali yathu ino, ndipo ankagulitsa nkhuni. Sindinawaonenso.

Aphunzitsi aja anatola mbaleyo, anaiyang'ana mkati ndi kunsi, n'kulowa nayo m'kalasi. Anaiika patebulo. Anatenga choko, anayang'ana bolodi nthawi yaitali, kenako anatiuza kuti tipitirize kukopera. Chaka chimenecho sanatitengere ku mpikisano. Chaka chinacho anapempha kusamutsidwa, ndipo anapita. Mbaleyo inatsala muofesi ya ahedi, ankaikamo choko.

Tsiku lotsatira kubwera kwa mayi aja, ahedi anatiimika pamzere. Anati sukulu yataya mwana amene anaikweza dzina m'dera lonse. Anafotokoza za mpikisano uja kuyambira pa lole mpaka pa mphoto. Anatiuza kuti tiweramitse mitu. Titatukula, aphunzitsi ena aakazi anawanong'oneza kanthu, ndipo ahedi anawonjezera kuti, inde, ndi mlongo wake yemwe.

Masana amenewo belu loweruka litalira, panachitika chinthu chimene palibe anatilamula. Palibe anadutsa pabwalo. Sukulu yonse inatsata njira ya kumjigo, mumzere umodzi, mwakachetechete, aliyense maso ali pa zidendene za mnzake. Amayi a pamjigo anasiya kupopa n'kumatiyang'ana. M'mawa mwake tinachitanso chimodzimodzi, ndipo ambiri tinachedwa, tinakwapulidwa.

Sizinakhalitse. Sabata isanathe wina anaponya mpira mu udzu, wina anauthamangira, ndipo tonse tinatsatira. Ife tinali ana a sukulu yabwino. Tinachira msanga.